Tchizi ndi Akhukhi a ku Nyasaland m'Mapulazi a ku Tengwe

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, azungu anatsegula mapulazi a fodya m'boma la Hurungwe, chakufupi ndi Karoi. Ku Tengwe, monganso kwina m'Mashonaland, antchito ambiri anali ochokera ku Nyasaland, ena obwera pansi pa Mthandizi, ena oyenda okha. Ashona ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Ochuluka ankalima, koma ena analowa m'khitchini ya dona nasanduka akhukhi. Kumeneko ndiko anakumana ndi tchizi. Mkaka wosasa, chambiko, sunali wachilendo kwa Angoni ndi ena oweta ng'ombe. Chachilendo chinali kuumitsa mkakawo, kuuthira mchere ndi kuusunga miyezi mpaka unune. Cheddar, dzina la mudzi wa ku Somerset, ndi Gouda, la mzinda wa ku Netherlands, anali kale mayina a tchizi wopangidwa m'Rhodesia momwemo, kumene Dairy Marketing Board inayamba kuyendetsa malonda a mkaka mu 1952.

Khukhi ankaphunzira ndi maso, pakuti malangizo ankadza m'Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira chosasowa kufotokoza zifukwa. Madzulo ankatsikira kukomboni kukadya nsima ya nyemba kapena matemba. Mawu oti uvuni, batala ndi keke anakhazikika m'Chichewa chake, koma tchizi weniweniyo sanafike pamphika wa mkazi wake.

Mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000, makhitchiniwo anatsekedwa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a akhukhiwa opanda dziko, kufikira malamulo atsopano a 2013.