Injini ya dizilo ya two-stroke: mawu ake ndi malire ake

Ambiri akamva za injini ya two-stroke amakumbukira makina odulira mitengo kapena injini zina za maboti a kunyanja, zimene zimamwa petulo wosakaniza ndi oilo. Koma ku America malole ndi mabasi anayenda zaka zoposa 50 ndi injini za dizilo za mtunduwu. Kampani ya General Motors inayamba kupanga injini za Series 71 mumzinda wa Detroit mu 1938, ndipo dzina la Detroit Diesel linatchuka nazo. Wofuna kudziwa ngati injini yotere ingayenere galimoto yaing'ono ya m'tchire ayambe wamvetsa mawu a amakaniko.

Sitiroko ndi ulendo umodzi wa pisitoni m'silinda, wokwera kapena wotsika. Injini ya four-stroke imafuna maulendo anayi kuti dizilo ayake kamodzi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kuyaka ndi kutulutsa utsi. Ya two-stroke imamaliza zonsezi ndi maulendo awiri, pisitoni ikakwera ndi kutsika basi. N'chifukwa chake imalira ngati ikuthamanga mowirikiza, mpaka madalaivala anaipatsa dzina loti Screaming Jimmy.

Mawu achiwiri ndi bulowa. Popeza pisitoni ilibe ulendo wokokera mpweya, bulowa ya mtundu wa Roots ndiyo imakankhira mpweya m'silinda kudzera m'mabowo a m'mbali mwake, chakumunsi. Pisitoni ikatsika, mavavu a utsi a pamwamba amatseguka, mabowo aja amaonekera, ndipo mpweya watsopano umasesa utsi kuchokera pansi kupita pamwamba. Kusesa kumeneku ndiko amati scavenging. Bulowa isasokonezedwe ndi turbo: turbo imangowonjezera mphamvu, pomwe popanda bulowa injiniyi singalire n'komwe. Oilo naye sasakanizidwa ndi dizilo, amakhala m'sampu mwake.

Manambala a pa dzina la injini amanenanso zambiri. Pa 4-53, nambala yoyamba ndi ya masilinda, yachiwiri ndi kukula kwa silinda iliyonse m'ma cubic inch. Anayi onsewo pamodzi ndi malita pafupifupi 3.5. Pa 6V92, chilembo V chikutanthauza kuti masilinda aikidwa m'mizere iwiri yopendekeka, ndipo T ikakhala kumapeto ndiye kuti pali turbo. Injini za 53 zinatuluka mu 1957, za 92 mu 1974.

Nanga m'tchire? Asilikali a America anayesapo. Galimoto yawo ya matayala 6 yotchedwa Gama Goat inali ndi injini ya 3-53 ya malita 2.6. Inkadutsa malo oipa ndithu, koma phokoso lake linali lalikulu moti oyendetsa ankafunika zotseka m'makutu.

Vuto lina ndi kulemera. Injini ya 4-53 yachitsulo imalemera pafupifupi makilogalamu 500, katundu amene amatopetsa masipuling'i ndi kumiza matayala akutsogolo m'matope. Komanso injinizi zimakoka bwino zikamalira kwambiri, ndipo dalaivala amayenera kusinthasintha magiya kuti mphamvu isagwe. Pamiyala ndi pamtsetse woterera pamafunika injini yokoka modekha galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Zikamangolira motsika kwa nthawi yaitali, zimalavula oilo ndi mafuta osapsa kupaipi ya utsi.

Utsi ndiwo unazichotsa pamsewu. Malamulo oteteza mpweya atakhwima, Detroit Diesel inatulutsa Series 60 ya four-stroke mu 1987, ndipo m'zaka za m'ma 1990 malole atsopano anasiya kuikidwa injini zakalezi.

Injini imeneyi ndi yolimba, yosavuta kukonza ndiponso yoyenera ulemu, koma malo ake ndi lole, boti ndi jenereta, kumene imasenza katundu wolemera tsiku lonse. Kwa galimoto yaing'ono ya m'tchire, dizilo yopepuka ya four-stroke ndiyo yabwino.