Maulendo a Nyengo ya Chisanu pa Mapiri a ku Nsambe

Mwezi wa Juni ukalowa, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe, mapesi ali gonegone m'minda, ndipo mphepo ya mwera yayamba kuwomba usana ndi usiku, dziko la kumtunda kwa Neno, kuyambira ku Nsambe ndi kwa Dambe kufikira ku Tsangano, limafunda nkhungu yokhuthala ndithu, yoti munthu akaima pakhomo mmamawa saona nyumba ya mbale wake ngakhale ili poti n'kuponyapo mwala. M'madambo mame amagwirana pa udzu n'kuyera mbee, ndipo masamba a m'dimba amacha atapserera popanda moto. Kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene kumagwa chipale chofewa chokwirira madenga ndi misewu, anthu opeza bwino ali ndi mwambo wokwera galimoto m'nyengo yozizira kukazungulira timatauni ndi nkhalango, opanda malonda, opanda maliro, kungofuna kudyetsa maso basi. Kwathu kuno chipalecho sichigwa, komabe chisanu chakhala nyengo ya maulendo chiyambire kale, pakuti ndiyo miyezi imene matope amauma, mitsinje imaphwa, ndipo njira imalola munthu kudutsa.

Mapiri amenewa ndiwo msana wogawa madzi. Mvula yogwa chakum'mawa imatsikira mu Lisungwi ndi mu Wamkulumadzi kukathira mu Shire, yogwa chakumadzulo imalowera ku Mozambique kukafuna Zambezi. Ndipo pamene Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire m'chaka cha 1891, analondola msana womwewu, nagawa pakati anthu a chilankhulo chimodzi, a manda amodzi, osawafunsa kanthu. Pamapu mapiriwa amatchedwa Kirk Range, dzina la John Kirk, sing'anga wokonda kutola ndi kulemba maina a zomera, amene anakwera Shire pamodzi ndi David Livingstone mu 1859. Koma asanafike olemba mapu, njira za pamsanapa zinali zitapondedwa kale ndi osula makasu, onyamula mchere, ndi Angoni a kwa Maseko, amene atakhazikika cha ku phiri la Domwe ankatumiza nkhondo zawo dzinja likatha, mitsinje itaphwa, nkhokwe za eni dziko zili zodzaza. Kwa makolo athu a masiku amenewo, mlendo wa nyengo yachisanu sanali munthu womulandira ndi chimwemwe nthawi zonse. Mphamvu ya Angoniwo inathyoka mu 1896, pamene asilikali a atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba.

Pambuyo pake anakwera amishoni ndi aboma. Abambo a Montfort anamanga ku Nzama mu 1901 ndi ku Neno mu 1906, a Seventh-day Adventist anatsegula Matandani mu 1908, ndipo ku Neno kunakhala Bwana Disi wa chigawo chimene atsamunda ankachitcha Central Shire. Onsewa anakopeka ndi chinthu chimodzi, ndicho kuzizira kwa kumtunda, kumene udzudzu unali wochepa poyerekeza ndi kuchigwa kwa Matope, kumene malungo anagoneka azungu ambiri m'manda. Galimoto yawo yoyamba inali machila. Iyi inali nsalu yolimba yomangirira ku mtengo wautali wa nsungwi, ndipo mwini ulendo ankagonamo chagada, bulangete lili m'miyendo, pamene amuna awiri kapena anayi asenza mtengowo paphewa, ena akuthamanga pambali kudikira kulandirana nawo, pambuyo pakubwera amtengatenga ndi hema, mabokosi, mpando ndi ziwiya za kukhitchini. Azungu ambiri analemba m'makalata awo za kukongola kwa mapiri a dziko lino m'mwezi wa Juni, za thambo loyera ndi zigwa zooneka patali. Sindikukana kuti anaona zoona, koma ndimakumbukira kuti pansi pa maso oonawo panali mapazi opanda nsapato, ong'aluka zidendene, akuponda udzu wa chisanu tambala asanatsike, ndipo eni mapaziwo maso awo anali pa miyala ndi zitsa. Nyimbo zimene ankaimba pothamanga bwanayo ankaziyesa za chisangalalo, chikhalirecho zina zinali zomunena iye mwini.

Galimoto zitayamba kuchuluka, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, misewu ya m'maboma inali yolima ndi makasu, ndipo olima ake anali anthu a m'midzi, ena polipidwa tindalama tokakhomera msonkho, ena poitanidwa ndi mfumu mwa lamulo la boma. Milatho inali ya mitengo, ndipo dzinja lililonse madzi ankaitenga. Mvula ikakata mu Epulo ntchito yokonza inkayambanso, kotero kuti galimoto inkayenda mwamtendere kuyambira cha mu Juni kufikira mvula yoyamba. Ndipo m'miyezi imeneyi m'pamene mwambo wa ulendo wongoona malo unamera m'Nyasaland, pakati pa akuluakulu a boma a ku Zomba ndi eni minda ya tiyi ndi fodya. Ankakwera phiri la Zomba, kumene msewu unali wopapatiza kotero kuti panapangidwa wokwerera wokha ndi wotsikira wokha. Ankawedza nsomba za trout zimene anaziika okha mu Mulunguzi, madzulo n'kumawotha moto wa nkhuni ku Ku Chawe, akukumbuka kwawo. Malo awiri oimapo poyang'ana kuchigwa pa phiri limenelo mpaka lero amadziwika ndi alendo aulemu amene anafika m'dziko muno, Queen's View ndi Emperor's View, achiwiriwa pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia. Ena ankapita ku Dedza, tauni yokwera kuposa onse m'dziko lino, ena ku Mulanje, ndipo olimba mtima ankafika mpaka pa Nyika, pamene chisanu chimaumitsa madzi m'beseni usiku, malo amene mu 1965 anakhala paki yoyamba ya dziko lathu.

Nanga Neno? Apa m'pamene mbiri inakhota. Msewu waukulu wa ku Tete ndi Salisbury unadzera ku Mwanza, wa ku Ntcheu ndi Lilongwe unadzera kuchigwa cha Shire, ndipo dziko la Nsambe linatsala pakati pa miyendo iwiri ya misewu, loonekera patali kwa aliyense koma losafikidwa ndi aliyense. Ngakhale ulemu wokhala boma unachoka, Neno n'kukhala pansi pa Blantyre, kenako pansi pa Mwanza, kufikira mu 2003 pamene inaimanso payokha. Munthu woima pa mtunda wa kuno dzuwa litabalalitsa nkhungu amaona zitunda zotsatizana zikutsika kunka ku Shire, minda ya tirigu pa mapewa a mapiri, ndi midzi ya ku Mozambique tsidya lija. Ndikunena mosaopa kuti zimenezi sizichepa pamaso pa za ku Zomba. Chimene chinasowa ndi msewu woti bwana afike osathyola galimoto, ndi nyumba ya moto woti akawothe.

Chotero galimoto ya nyengo yachisanu imene anthu a ku Nsambe akuidziwa bwino ndi lole. Imabwera manachesi akapsa, mbatata ya kachewere ikakumbidwa, tirigu akapunthidwa, ndipo imachoka itadzaza mpaka kupendekeka. Amene anakwerapo matola pamwamba pa matumba m'bandakucha wa Julaye safuna kuuzidwa: amayi amadzikulunga zitenje ziwiri kusiya maso okha, mwana ali kumimba m'malo mwa kumbuyo, abambo manja ali m'khwapa, chipewa chaubweya chili m'makutu, ndipo fumbi lofiira limamatirira pa nsidze zonyowa ndi nkhungu. Pa chitunda chovuta woyendetsa amakuwa kuti, "Tatsikani pang'ono, akuluakulu, tithandizane," ndipo wothandizira wake amathamanga pambali ndi mwala waukulu woika kuseri kwa tayala. Pokhota pena nkhungu imang'ambika mwadzidzidzi, chigwa chonse n'kuonekera pansi, ndipo ngakhale agogo amene anabadwira momwemo amatulutsa mutu m'bulangete n'kunena kuti, "Koma Chauta analenga!" Kenako amabwezanso mutu, pakuti mphepo siilemekeza imvi. Ofika pa mphambano ya Tsangano amathamangira ku chiwaya ndi ku mbaula, zala zitakana kugwira ndalama.

Za chipale chenichenicho, amene anabwera nazo kumudzi ndi amuna a ku Joni. Kwa zaka zambiri Wenela inkatenga anyamata a m'dziko lino kupita nawo ku migodi, mpaka Dr. Banda anaimitsa ntchitoyo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ena ankapita paokha, pa selefu, kudzera njira yomweyi ya Mwanza ndi Tete. Obwerawo ankafika ndi sutikesi, zikhotho zazitali zofika m'mawondo ndi mabulangete olemera, zinthu zimene kuchigwa zikadangokhala zodzionetsera, koma kuno kumtunda zinali chuma chenicheni chosiyirana. Ankasimba pamoto za ufa woyera wogwa kumwamba wosachita phokoso, monga unagwera mu Johannesburg mu Seputembala 1981, ndipo omvera ankagwedeza mitu mwaulemu, mumtima akuti mkuluyu wawonjezera. Paja akuluakulu anati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo adziwa kuphika. Pamene chipale chinagwanso mumzindawo mu Julaye 2023, adzukulu a amuna aja anangotumiza zithunzi pa WhatsApp, mkangano wa zaka makumi anayi n'kutha tsiku limodzi.

Panalinso zaka zimene msana wa mapiriwu sunali malo oti munthu n'kuimitsa galimoto kuti ayang'ane. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'ma 1980, anthu anawoloka malire usiku ndi ana kumsana, nakhala pakati pa abale awo kapena m'misasa monga wa Luwani, ndipo malole amene ankakwera ndi kutsika anali a ufa ndi nyemba za othawa nkhondo, kufikira mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Kuyambira mu 2007, pamene a Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba kugwira ntchito ndi boma m'zipatala za Neno, galimoto zoyera zamphamvu zakhala zikuoneka m'misewu ya kwa Dambe, zonyamula odwala ndi mankhwala. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa kumunsi kwa dera lino, koma sitima yake siikwera phiri.

Msewu wa Tsangano, Neno ndi Mwanza walonjezedwa pa misonkhano yambiri, ndipo asilikali a dziko lino anapatsidwa ntchito yoyamba kuthira phula kuchokera ku mbali ya Tsangano. Masiku ano Amalawi a m'tauni nawonso aphunzira kutuluka ndi mabanja awo pa tchuthi cha 6 Julaye, majuzi ali m'thupi, kupita ku Zomba, ku Mulanje kapena ku Dedza; okhotera ku Neno ndi owerengeka, ndipo ambiri ofika ku Nsambe amafika pa njinga yamoto ya kabaza. Ogula mbatata a ku Blantyre akamaimba foni kumtunda, asanafunse mtengo wa thumba amayamba afunsa ngati kwagwa chiperoni, chifukwa kamvula kowaza ka masiku awiri n'kokwanira kutereretsa dothi lofiira la pa zitunda, lole n'kugona panjira ndi katundu wake.