Mpweya, Fumbi ndi Injini m'Mapiri a Dedza

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi, imene munthu amaifika akatsetsereka Khwekhwelere kudzera ku Golomoti, ili pa mamita osakwana 500. Injini ya galimoto imakumva kusiyana kumeneku, chifukwa mphamvu yake imachokera ku mafuta oyaka ndi okosijeni, ndipo mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, kotero kuti injini yopanda tebo, chipangizo chokankhira mpweya m'kati mokakamiza, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Kuzizira kumabwezako pang'ono, poti mpweya ukazizira ndi madigiri 10 umathithikana ndi magawo pafupifupi 3 pa 100, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru yosamutsa sefa ya mpweya, imene amakaniko amaitcha fyuluta, kuti italikirane ndi injini yotentha.

Komabe chimene chinkasowetsa mtendere amakaniko akale a m'derali sichinali kutentha koma fumbi, makamaka msewu waukulu wa Zomba ndi Lilongwe usanathiridwe phula, ntchito imene inachitika likulu la dziko lisanasamuke mu 1975. Magalimoto a Land Rover, amene anayamba kupangidwa mu 1948, ndi malole a Bedford ankagwiritsa ntchito sefa ya oyilo, chibekete chachitsulo chokhala ndi oyilo pansi ndi waya wolukanalukana pamwamba. Mpweya unkatsika m'chibeketemo n'kukhota mwadzidzidzi pamwamba pa oyilo, fumbi lolemera n'kugweramo, lotsala n'kukakamira pa waya wonyowa. Kuisamalira inali ntchito yoyenera wophunzira pa galaja, yemwe ankamasula zomangira, kukhuthula matope akuda amene adikha pansi, kutsuka waya ndi palafini ndi kuthira oyilo watsopano kulekeza pa mzere wodindidwa m'chitsulo. Ntchitoyi inali yodetsa manja koma yosafuna kuzengereza, chifukwa fumbi likadutsa limapala masilinda ndi maring'i a pisitoni mpaka injini kuyamba kudya oyilo ndi kufuka. Mathirakitala ankakokera mpweya pa payipi yoimirira pamwamba pa boneti kuti athawe fumbi loyenda mmunsi, ndipo kuzizira kwa mpweyawo kunkangobwera ngati basera.

M'nthawi ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, kuzizira kunkathanso kukhala mdani. Petulo akamasanduka nthunzi m'khosi la kabuleta amaziziritsa chitsulo kwambiri, ndipo chinyezi chonga cha chifunga chimene chimakuta Dedza ndi Bembeke mu Juni ndi Julayi chimatha kuundana m'menemo n'kutsamwitsa injini ngakhale kunja madzi asanaundane. N'chifukwa chake magalimoto ambiri a ku Ulaya ankabwera ndi sefa yokhala ndi mlomo wotheka kuulozetsa ku ekizozi m'nyengo yozizira, kuti ukoke mpweya wofunda, zomwe zili zosemphana kwenikweni ndi zimene achinyamata okonda liwiro amafuna lero.

Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1990, sefa ya pepala yokhala m'bokosi la pulasitiki inafala, ndipo kabuleta inasiyira malo majekiseni a mafuta olamulidwa ndi kompyuta imene imayeza mpweya wolowa. Bokosilo opanga analikonza kale kuti lizikoka mpweya wakunja kuchokera kutsogolo kwa galimoto, choncho amene amalichotsa n'kumangirira sefa yosongoka pambali pa injini amapindula phokoso lokha, popeza sefayo imameza mpweya umene wawotchedwa ndi rediyeta. Kuitsitsira kuseri kwa bampala kumapezetsadi mpweya wozizira, koma pa misewu yadothi yopita kuminda ya mbatata ya kachewere malo amenewo ndiwo oyamba kulandira fumbi la mu Okutobala ndi zithaphwi za mu Januwale, ndipo madzi, poti sapanikizika ngati mpweya, akalowa mu silinda amapinda chitsulo cholumikiza pisitoni. Ma Land Cruiser ambiri a mabungwe ndi zipatala oyenda m'misewu imeneyi anatsata njira ya thirakitala ija: sefa imatsala m'bokosi lake, koma payipi imakwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo n'kukathera pafupi ndi denga.