Mindolo ndi Mbiri ya Kulemba Cingelezi ku Migodi

Inu a ku Migodi, madzulo ano tikambe za malo amene ambiri a inu mumawapitirira pa basi osaceuka. Mukaturuka m'tauni ya Kitwe kutsata njira ya ku Chingola mudzafika pa Mindolo. Anthu amadziwa dzinali kaamba ka mgodi, koma pafupi pomwepo pali misyoni yakale imene inagwira nchito yaikuru yophunzitsa anthu athu kugwira colembera. Ndifuna kulongosola umo makolo athu anaphunzirira kulemba Cingelezi, ndi cifukwa cace ana athu a m'makoleji akali kubvutika naco kufikira lero lino.

Pamene migodi ya Nkana, Mufulira, Luanshya ndi Nchanga inali kutsegulidwa, ca kuma 1930, anthu anakhamukira kuno kucokera mbali zonse: Abemba, Alozi, Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson, ndiponso ambiri a ku Nyasaland. Pansi pa mgodi analamulidwa m'Cilapalapa, m'komboni anayankhulana m'Cibemba ndi m'Cinyanja, koma zinthu zonse zolemera, monga malamulo, mapangano a malipiro ndi makalata a Boma, zinalembedwa m'Cingelezi. Munthu wodziwa kulemba anasanduka kalaliki nakhala pa mpando, pamene mbale wace anali kukankha ngolo ya miyala. Ambiri a makalaliki oyamba anali anyamata a ku Nyasaland ophunzira ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Koma Cingelezi ca kalaliki cinali ca kukopa maina, manambala ndi mau a bwana. Palibe amene anamfunsa kuti alembe maganizo a iye mwini.

Mu 1935 anchito a m'migodi ananyanyala nchito kaamba ka msonkho, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Pamenepo Boma ndi amisyoni anazindikira kuti sanali kudziwa za mumtima mwa anthu a m'komboni. Mu 1936 Boma linayamba kusindikiza nyuzi yochedwa Mutende, ya m'Cingelezi ndi m'zinenero zathu. Caka comweco mipingo ingapo inagwirizana nipanga bungwe la United Missions in the Copperbelt, ndipo Mindolo, kumene kunali M'busa R. J. B. Moore wa London Missionary Society, panasanduka phata la nchitoyo. Bungweli linayang'anira masukulu a ana a anchito. Mmodzi wa aphunzitsi ace anali Harry Nkumbula, amene anaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Wusakile asanapite ku Makerere ndi ku London.

Akuru nao sanaiwalidwe. Mu 1945 Mai Hope Hay anayamba kuphunzitsa amuna ndi akazi a m'komboni ya Mindolo kuwerenga, potsata njira ya Frank Laubach yakuti yense wophunzira aphunzitse mnzace mmodzi. Cinthu cimene tiyenera kuciyang'anitsitsa ndi ici: Mai Hay sanayambire pa Cingelezi ai. Munthu anayamba kuwerenga m'cinenero cimene anayamwira, ndipo Cingelezi cinadza pambuyo, monga denga lidza pambuyo pa nsanamira. Mbiri ya nchitoyi anailemba m'buku lochedwa Northern Rhodesia Learns to Read, la mu 1947.

Posacedwa kunaoneka kuti kuwerenga kokha sikukwanira. Mu 1949 anchito a m'migodi anapanga bungwe lao limodzi, nasankha Lawrence Katilungu, amene kale anali mphunzitsi, kukhala mtsogoleri. Tsopano anayenera kukhala pa gome limodzi ndi eni migodi. Kumeneko kupfuula sikunathandize kanthu. Panafunika pepala lonena dandaulo momveka, lopereka zifukwa mwa ndondomeko, ndi loyankhiratu zimene wotsutsa adzanena. Ndalama zimene atate athu anaonjezeredwa pa tikiti zinadzera m'kunyanyala, indedi, koma zinadzeranso m'mapepala otere.

Mu 1958 misyoni ya Mindolo inasanduka Mindolo Ecumenical Foundation, motsogozedwa ndi M'busa Peter Mathews wa ku Australia. Caka cotsatira, 1959, panatsegulidwa sukulu ya alembi, imene inadzachuka ndi dzina lakuti Africa Literature Centre. Woiyambitsa anali Dr. Wesley Sadler, Mmereka amene anakhala zaka zambiri ku Liberia akuphunzira cinenero ca Aloma ndi kuwakonzera mabuku. Amuna ndi akazi anadza ku Kitwe kucokera m'maiko ambiri a Afirika kudzaphunzira kulemba nkhani za m'nyuzi, kukonza mabuku ndi kujambula zithunzi zace. Ambiri a iwo anali odziwa kale kuyankhula Cingelezi. Cimene anadzera cinali sitepe lapakati, ndilo kucoka pa kudziwa mau kufika pa kumanga nkhani imene munthu wacilendo angaiwerenge naimvetsa. Pa malo omwewo, mu 1963, panatsegulidwa nyumba ya mabuku yokumbukira Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961.

Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, ana a dziko lino okhala ndi digiri anali ngati 100 okha. Boma latsopano linafulumira. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo m'zaka zomwezo, John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, kunalamulidwa kuti ana aphunzire zonse m'Cingelezi kuyambira kalasi loyamba. Anayembekeza kuti mwana woyamba msanga adzafika ku koleji ali katswiri. Simon Kapwepwe anatsutsa poyera lamuloli, ndipo m'kupita kwa zaka aphunzitsi anaona ana ambiri akutsiriza pulaimale osatha kuwerenga bwino Cingelezi kapena cinenero ca kwao. Cotero mu 1999 kunayambika njira yakuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero ca m'dera lace, ndipo mu 2014 zinenero zathu zinapatsidwa makalasi anai oyamba. Mai Hay anali atasonyeza njirayo m'komboni ya Mindolo zaka zoposa 50 m'mbuyomo.

Tsono tifike kwa mnyamata kapena mtsikana amene walowa koleji ya aphunzitsi, kapena Copperbelt University imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987. Bvuto lace nlotani? Ndidzinenere ndekha. Ndinaturuka ku sekondale ya misyoni ndiri wonyada, pakuti m'Cingelezi munalibe wondiposa. Cimangirizo canga coyamba ku koleji cinali ca masamba asanu, codzala ndi mau atali-atali amene ndinawatola m'dikishonale. Cinabwerera cilibe colakwa ca galamala ngakhale cimodzi, koma pansi pace mphunzitsi analemba ndi inki yofiira kundifunsa kuti, pa zonsezi, ineyo ndikuti ciani. Ndinacita manyazi kwa masiku, koma funsolo linanditsegula maso.

Zinthu zazing'ono zopunthwitsa zilipo, ndipo zimacokera m'kusiyana kwa zinenero. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, pamene Mngelezi amasiyanitsa "he" ndi "she". Timau takuti "a" ndi "the" tiribe anzace m'Cinyanja kapena m'Cibemba, cotero wophunzira amatiiwala kapena amatimwaza pali ponse ngati mcere. Izi zimatha ndi kuwerenga kwambiri ndi kukonzedwa.

Bvuto lalikuru liri m'kamangidwe ka nkhani. Kumbukirani umo mlandu umayendera pa bwalo kwathu. Woyankhula amayambira kutali, nachula makolo, naponya mwambi, nazungulira mwaulemu, ndipo mfumu imagamula pa mapeto peni-peni. Kunena msanga cimene uli naco kumayesedwa cipongwe. Cimangirizo ca ku koleji cimayenda cobwerera: cigamulo cako ucinene m'ndime yoyamba, pambuyo pace uitane mboni imodzi-imodzi. Mbonizo ndizo mabuku ndi ziwerengero, ndipo iri yonse uichule dzina, pakuti kutenga mau a mwini osamchula ndiko kuba, ndipo ophunzira amalephera mayeso kaamba ka mlandu umenewo. Wotsutsana nawe umpatse malo, numyankhe. Ndime ya pa pepala ikhale monga ndime ya m'munda: ulime imodzi, uitsirize, ndipo pamenepo ulowe m'inzace. Wophunzira amene akubvutika ndi izi sali wopusa. Analeredwa m'mwambo wina wa kuweruza, wabwinonso, ndipo tsopano ayenera kudziwa miyambo iwiri.

Mbiri ya Mindolo itiphunzitsa kuti luso limeneli silidza lokha. Kalaliki anadziwa mau, koma panafunika sukulu ya Sadler kuti mau asanduke nkhani. Cotero ndipempha akuru a makoleji kuti asayese kuti satifiketi ya Giredi 12 yatsiriza nchito. Wophunzira afunika mphunzitsi wowerenga zolemba zace, wozibweza, ndi womlembetsanso kaciwiri ndi kacitatu, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo inu makolo a ku Wusakile, Chamboli, Chimwemwe ndi Chifubu, musati nkhaniyi njosakukhudzani cifukwa Cingelezi canu ncocepa. Mwana wanu akabwera pa chuti, mumfunse kuti akulemba za ciani, ndipo akuuzeni m'cinenero ca m'nyumba, m'mau ocepa. Akakhoza kukumvetsani inu, ndiye kuti mutu wa nkhani ali nao, ndipo Cingelezi cidzautsata. Akayamba kuzungulira, mumbwezere ku gome akaganizenso. Fizi imene mumalipira inacokera m'thukuta la pansi pa mgodi, ndipo muli nao ufulu wa kufunsa funso limenelo.