Malinga a ku Ireland ndi asilikali aganyu ochokera ku Scotland

Alendo okaona malinga amiyala a ku Ireland amamva kawirikawiri kuti Angerezi ndiwo ankamanga, eni dziko n'kumagwetsa. Nkhaniyi ndimaikayikira, chifukwa imasiya kunja anthu amene ankagwira nkhwangwa pazipata za malingawo.

Ankhondo achi Norman anafika mu 1169, ndipo posakhalitsa Hugh de Lacy anayamba kumanga linga lalikulu la Trim. Mafumu a eni dziko anasowa asilikali otha kulimbana ndi apakavalo ovala zitsulo, choncho anayang'ana kutsidya ku Scotland, ku Argyll ndi zilumba za Hebrides. Mu 1259 Aedh O'Connor wa ku Connacht anakwatira mkazi wa kumeneko, ndipo mkaziyo anabwera ndi asilikali 160. Awa ndiwo ankatchedwa gallowglass, amuna a malaya achitsulo ndi nkhwangwa za mpini wautali. Ena anawoloka atagonja pankhondo za Robert Bruce ku Scotland. Banja la MacSweeney linakhazikika ku Donegal, mpaka linakhala ndi linga lakelake la Doe.

Mu 1429 lamulo linalonjeza mapaundi 10 kwa womanga nsanja yamiyala m'dera lozungulira Dublin, ndipo m'zaka zotsatira nsanja zoterezi zinadzaza dziko, za eni dziko ndi za obwera zomwe.

Chimene chimandipweteka mtima chinachitika pa 19 Ogasiti 1504, paphiri lina pafupi ndi Galway. Mfumu ina inali itagwetsa malinga atatu a mnansi wake, mnansiyo n'kukadandaula kwa mkulu wina wamphamvu. Nkhondo itabuka, amene anatsogolera mbali ziwirizo anali mkuluyo ndi mfumu ija, mpongozi ndi mkamwini wake, onse a magazi achi Norman. Aliyense anali ndi ma gallowglass ake. Anatemana osabwerera m'mbuyo, monga ankadziwikira, ndipo olemba mbiri a nthawiyo amati mwa magulu awo asanu ndi anayi panatsala limodzi lokha, nalonso lophwanyika. Anafera mkangano wa eni malinga, osati ufulu wa dziko.

Wolipira zonsezi anali mlimi. Mfumu inkagawa asilikali ake m'makomo a anthu wamba kuti aziwadyetsa ndi kuwagoneka, kaya kuli nkhondo kaya kulibe. Apa mpomwe zinthu zinalakwika: msilikali waganyu amafuna nkhondo kuti adye, ndipo mfumu yomusunga imasakasaka pomugwiritsa ntchito.

Mfuti ndi mizinga zitachuluka, nkhwangwa inatha mphamvu. Pambuyo pa nkhondo ya ku Kinsale mu 1601, mafumu owalemba ganyu anagwa, ntchitoyo n'kuyamba kuzilala.