Mlatho wa pa Mangochi ndi Dooko la Mponda

Munthu wochokera ku Chembe akapita ku boma la Mangochi saoloka mtsinje wa Shire, chifukwa mudziwo ndi bomalo zonse zili kuzambwe kwa mtsinje. Komabe mbiri ya Chembe inadzera pa malo pamene pali mlatho lero.

Kale pa malo amenewa panalibe mlatho. Chakumtunda pang'ono, pafupi ndi pomwe Shire amatulukira m'nyanja ya Malaŵi, panali mudzi waukulu wa Mfumu Mponda ya Ayao. Amalonda ochokera kuzambwe atasenza minyanga ya njovu, akukusa akapolo omangidwa m'magoli, ankaolokera chapomwepo pa mabwato polunjika ku nyanja ya mchere. Mwini dooko ndiye anali mwini chuma, ndipo Mponda ankadziwa bwino zimenezi.

N'chifukwa chake mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young ndi Dr Robert Laws, anayamba aima kwa Mponda ndi sitima yawo ya Ilala. Mfumu itawalola, anakamanga mishoni ya Livingstonia ku Chembe. Chodabwitsa n'chakuti anthu odana ndi ukapolo anachita kupempha malo kwa mfumu yolemera ndi ukapolo womwewo. Malungo atawasautsa, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri. Koma dooko linapitirizabe ntchito yake yoipa ija.

Amene analilanda ndi Harry Johnston. Mu 1891 anathira nkhondo mudzi wa Mponda namanga linga kutsidya la kuvuma, lomwe linatchedwa Fort Johnston. Pambuyo pake boma linasamukira tsidya lino, ndipo kwa zaka zambiri anthu, katundu ndi magalimoto ankaoloka pa pantoni. Mlatho umene unadzalowa m'malo mwa pantoni unali wopapatiza: galimoto ya mbali ino inkadikira kuti ya mbali inayo ithe kuoloka.

Mlatho wa simenti umene ulipo tsopano unamangidwa ndi chithandizo cha dziko la Japan, ndipo unatchedwa dzina la Bakili Muluzi, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo. Ukulumikiza boma ndi Malindi, Makanjira ndi Namwera, mpaka ku Chiponde pa malire ndi Mozambique. Njira ya kuvuma ija, imene inkameza ana a anthu osabwereranso, lero imadutsa mabasi, njinga za kabaza ndi madengu a usipa.

Pakhomo pa mlathowu pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, yomwe inawononga sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914, komanso mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mayina a akapolo amene anaoloka pa dooko la Mponda sanalembedwe pa mwala uliwonse.