Mita ya Oklahoma: ndalama zoimikira galimoto zimapita kuti?

Pa 16 Julayi 1935, anthu a mumzinda wa Oklahoma City ku America anapeza chinthu chachilendo m'mphepete mwa msewu, pamphambano ya First Street ndi Robinson Avenue. Chinali chitsulo chokhala ndi mutu wonga wotchi. Wofuna kuimika galimoto pamenepo ankaponyamo masenti 5, n'kupatsidwa ola limodzi. Imeneyi inali mita yoyamba padziko lonse yolipirira malo oimikapo galimoto.

Ambiri timaganiza kuti mita yotereyi anaipangira kutolera ndalama basi. Mbiri yake ikusonyeza kuti vuto loyamba linali la malo. Mafuta atapezeka ku Oklahoma City mu 1928, mzindawu unakula msanga ndipo magalimoto anachuluka. Ogwira ntchito m'maofesi ankafika m'mamawa, n'kuimika magalimoto kutsogolo kwa masitolo mpaka madzulo. Wobwera kudzagula ankazungulira osapeza malo, kenako n'kubwerera. Lamulo loletsa kuima nthawi yaitali linalipo, ndipo apolisi ankalemba choko pamatayala kuti adziwe amene wapyola nthawi, koma njirayi sinkathandiza kwenikweni.

Eni mabizinesi anapempha Carl Magee, loya komanso mkonzi wa nyuzipepala, kuti apeze njira ina. Iye anagwira ntchito ndi akatswiri awiri a pakoleji ya Oklahoma A&M, Holger Thuesen ndi Gerald Hale, ndipo anapanga makina omwe anawatcha Park-O-Meter. Ganizo lake linali losavuta kumva: malo aulere amakhala a amene walawirira, koma malo olipira pa ola amasinthanasinthana anthu tsiku lonse.

Madalaivala anakwiya. Ena ankati msewu ndi wa aliyense, ndipo kulipiritsa munthu pamsewu womwe anaulipira kale kudzera m'misonkho ndi kumubera. Nkhani zinafika m'makhothi, ndipo ambiri mwa makhothiwo analola mamita pamfundo yakuti ndi njira yolongosolera kayendedwe ka magalimoto. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ku America kunali mamita oposa 140,000. Ku London anafika mu 1958, m'dera la anthu olemera la Mayfair.

Makhonsolo atalawa ndalamazo, funso lina linabuka: kodi zizipita kuti? Mizinda iwiri ya ku America komweko inayankha mosiyana kwambiri.

Woyamba ndi Pasadena, m'chigawo cha California. Dera lake lakale la malonda, Old Pasadena, linali litafooka, ndipo eni masitolo ankakana mamita poopa kuti makasitomala ochepa omwe anatsala athawiratu. Khonsolo inalonjeza kuti ndalama zonse za m'mamita zidzagwira ntchito m'dera lomwelo. Amalondawo anavomera, ndipo mamita anaikidwa mu 1993. Ndalamazo, zomwe zinafika poposa madola 1 miliyoni pachaka, zinalipirira magetsi a mumsewu, mitengo, mabenchi ndi kusesa. Woponya ndalama m'mita ankaona ndi maso ake komwe yapita. Donald Shoup, pulofesa wa pa yunivesite ya UCLA yemwe analemba buku la The High Cost of Free Parking mu 2005, ankatchula kawirikawiri dera limeneli ngati chitsanzo.

Wachiwiri ndi Chicago. Mu Disembala 2008, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka, meya Richard M. Daley anabwereketsa mamita pafupifupi 36,000 kwa gulu la makampani lotsogozedwa ndi banki ya Morgan Stanley. Mgwirizanowo unali wa zaka 75, pamtengo wa madola 1.15 biliyoni. Makhansala anauvomereza m'masiku ochepa chabe. Chaka chotsatira, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka mzindawu inapeza kuti mamitawo anaperekedwa motchipa ndi ndalama zoyandikira madola 1 biliyoni. Mitengo inakwera: m'madera ena, ola lomwe linali masenti 25 linafika pa dola imodzi. Ndalama zomwe mzinda unalandira zinatha pafupifupi zonse m'zaka zochepa potseka mipata ya mubajeti. Choipa kwambiri n'chakuti mzinda ukachotsa malo oimikapo galimoto, mwina pofuna kukonza njira ya mabasi kapena ya njinga, umayenera kulipira kampaniyo. Chicago inakazinga chimanga cha mbewu, ndipo ana omwe sanabadwe adzakhala akulipirabe mpaka m'zaka za m'ma 2080.

Makina ndi amodzimodzi, koma ku Pasadena anathandiza msewu kutumikira anthu ake, pomwe ku Chicago analanda mzinda mphamvu pamisewu yake. N'chifukwa chake ndikuona kuti mkangano wakuti tizilipira kapena ayi ndi wosakwanira. Malo oimikapo galimoto sakhala aulere n'komwe. Ngati dalaivala salipira, amalipira ndi wamalonda yemwe kasitomala wake wabwerera, ndi wokwera minibasi yemwe wachedwa chifukwa cha ozungulira kufunafuna malo, komanso woyenda pansi yemwe wapeza galimoto itatseka njira yake. Ambiri mwa anthu amenewa alibe galimoto.

Makhonsolo a mizinda yathu, monga Blantyre ndi Lilongwe, nawonso amalipiritsa oimika magalimoto pakati pa tauni. Ena mwa ife tidzagwira ntchito m'makhonsolo amenewa, ena tidzalemba za iwo m'nyuzi. Mbiri ya mita ikutipatsa mafunso oti tizifunsa nthawi iliyonse imene mgwirizano wotolera ndalamazi ukusainidwa. Kodi mtengowu ukuthandiza kuti malo azipezeka? Mwa ndalama zotoleredwa, n'zingati zikubwerera pamsewu womwewo? Mgwirizanowu ndi wa zaka zingati, ndipo ndani angauthetse? Makhansala a ku Chicago akanapatsidwa nthawi yofunsa funso lomalizali, mwina mzinda wawo ukanakhala ukulamulirabe misewu yake lero.